Injini ya Galimoto ya Nyundo

Tiyi amene anamupatsa anali atazizira kalekale. Nyundo anali pa benchi m'chipinda cholandirira alendo, zala zikugogoda bondo. Dzinali anamupatsa ndi anzake a ntchito yowotcherera zitsulo, ndipo ngakhale mutu unali utayera imvi, mikono inali ikadali ya ntchitoyo. Kuseri kwa galasi lalikulu ankaiona galimoto yake m'galaja, chivundikiro cha injini chili yasa.

Galimotoyo inali isanathe n'komwe chaka. Mipando inali ikununkhirabe utsopano. Anamupatsa ndi mwana wake wachisamba tsiku limene Nyundo anatseka shopu yake yowotcherera, kuti azinyamulira mkazi wake wodwala kuchipatala. Koma sabata yatha injini inangogogoda, n'kufuka utsi, n'kuzima pakati pa msewu. Nyundo anachita kubereka kumsana mkazi wake wotupa miyendo, dzuwa likuswa mtengo, anthu akuonerera.

Kampani yopanga galimotozo inkalengeza paliponse kuti injini ikafa msanga amaikamo ina ulere. Ndiye anaikoketsa n'kubwera nayo. Tsiku loyamba anamulandira mano ali pamtunda. Atangomasula injini, nkhope zinasintha. Lero anamuimbira foni kuti afike msanga, koma chifikireni anangomukhazika ngati thumba.

Kenako manijala anatulukira, kamunthu kochepa thupi, ka tayi yopyapyala.

"Pepani bambo, takudikiritsani. Paja galimotoyi munaigula kuti?"

"Ndinakuuzani kale. Anandigulira mwana wanga."

"Mwana wanuyo amagwira ntchito yanji?"

"Kodi yafa ndi injini ya mwana wanga kapena ya galimoto?"

Manijala anayang'ana kukhomo, kenako pa wotchi. Nyundo anaona mlonda akukoka chitseko pang'onopang'ono n'kuima pomwepo. Masewero amenewa ankawadziwa. Akuluakulu akafuna kukudyera masuku pamutu amayamba ndi mafunso, mpaka mlandu ugwere iwe. Posachedwa amuuza kuti anathira oilo woipa, kapena kuti nkhalamba sidziwa kusintha magiya.

"Mundiikira injini kapena ayi?"

"Tangokhalani pansi, bambo. Akubweretsereni tiyi wina."

Nyundo anaponya kapu, n'kudutsa pafupi ndi khutu la manijala n'kukaphulikira kukhoma. Pambali panali shelefu ya zipangizo zogulitsa. Nyundo anasololapo sipanala yomasulira matayala. Pakati pa chipindacho panaima galimoto yatsopano yoonetsera makasitomala, yonyezimira ngati yanyambitidwa. Anayamba ndi galasi lakutsogolo. Linachita mphwa, zidutswa n'kumwazika mpaka pakauntala. Mayi wa pakauntala analowa pansi pa tebulo, manja ali kumutu. Nyali zonse ziwiri zinatsatira, kenako chitseko cha galimotoyo chinapindika ngati chitini.

Mlonda anathamangira ndi chibonga. Anamumenya nacho paphewa, koma zinali ngati wamenya thunthu. Nyundo anatembenuka n'kutsitsa sipanala pamkono pake. Fupa linamveka kuthyoka. Mlondayo anagwa chagada pa magalasi, akulira ngati mwana.

Manijala anayesa kumugwira m'chiuno. Chigongono chinamupeza pakamwa, dzino n'kudumphira pansi. Nyundo anamukoka ndi tayi, n'kumugoneka pa boneti ya galimoto yophwanyikayo, sipanala ili m'mwamba.

"Mkazi wanga ndinamubereka ngati khanda pamsewu chifukwa cha chitsulo chanu chowolachi. Inu mukuti tiyi?"

Magazi anali kuyenderera pa malaya oyera a manijala. Mawu ankatuluka movutikira. "Tikungofuna amene anakupatsaniyo. Popanda iye palibe chimene tingachite."

"Mukufuna iye? Amakhala kuseri kwa msika wa matabwa, nyumba ya geti yofiira. Masana ano ali pakhomo, sachoka. Pitani akakuonetseni mapepala onse, manyazi akugwireni."

Panja panamveka mabuleki, zitseko n'kumenyeka. Apolisi analowa mfuti zili m'manja.

Mlonda uja anali kubuulabe pansi. Nyundo anamuyang'ana. Anali bambo wa msinkhu wake womwe, wa nsapato zong'ambika, amene m'mawa anamusonyeza pokhala mwaulemu. Mkwiyo unaphwa, m'malo mwake munalowa manyazi olemera. Anamusiya manijala. Sipanala inagwa pansi. Anatambasula manja onse awiri kwa wapolisi wamkulu.

"Ndamenya ndine, mangani. Koma injini aikemo. Mayi akunyumba ali ndi ulendo wa kuchipatala mawa."

Wapolisiyo sanafulumire kutulutsa unyolo. Anakodola makaniko, amene nthawi yonseyi anaima kuseri kwa galasi atafumbata kansanza ka oilo. Makanikoyo anabwera akuponda magalasi, n'kufunyulula kansanzako pamaso pawo. Munali kachitsulo kophwatalala, kochepa ngati nsonga ya chala.

"Tinakapeza m'munsi mwa injini," anatero. "Bowo lake wina analimata ndi guluu. Oilo amadontha pang'onopang'ono mpaka anatha."

"Za magalasi ndi mkono tikamba pambuyo, bambo," anatero wapolisi uja. "Ichi ndi chipolopolo. Chinzake tinachichotsa m'chifuwa mwa mwini weniweni wa galimoto yanuyo, amene anamuombera pageti pake n'kumulanda makiyi." Anacheukira anzake, kenako anabwezanso maso kwa Nyundo. "Mwati kuseri kwa msika wa matabwa, eti?"