Akatungwe a Tsidya la Msewu

Kalipentala anali kukhoma katungwe wachiwiri, misomali ili kukamwa, pamene mayi a geti lobiriwira anamubweretsera madzi ozizira m'tambula yagalasi. Yagalasi ndithu, osati kachitini kaja anthu amapatsira munthu amene akumunyansidwa. Anamwa mwaulemu, misozi ili pafupi.

Iye ndi mkazi wake ankakhala tsidya la msewu, m'chinyumba chomwe kale ankasungiramo katundu. Khonsolo inalola kuti muzigona anthu osowa pokhala podikira nyumba zenizeni. Amuna mbali iyi, akazi mbali iyo, pakati khoma la malata. Mkazi wakeyo chifuwa sichinkamupatsa mpata, ndipo pakhonde la sitolo pomwe ankagona kale sakanathanso kubwererapo. Koma mwayi wawo unali pafupi. Anawauza kuti akangopirira pamalopo mpaka mvula itatha, alandira kiyi wa chipinda chawochawo.

Eni nyumba a mumsewumo sankawafuna. Moni sankayankha, agalu okha ndiwo ankawalankhula. Mayi a geti lobiriwira aja basi ndiwo anawoloka msewu, atavala bwinobwino, n'kugogoda.

"Ndamva kuti muno muli mmisiri," anatero. "Ndikutsegula sukulu ya mkaka m'galaja mwanga. Ana ndimawakonda ine."

Kalipentala anaika mtima wonse pantchitoyo. Anakhoma timipando, n'kusalaza ngodya zonse kuti mwana asadzipweteke. Anapenta chikwangwani, n'kujambulapo bakha yemwe anatuluka ngati nkhuku yodwala. Mayiwo anaseka mpaka kugwira geti, nati chizikhala choncho, bola chizioneka patali. Ankangofulumiza chinthu chimodzi, kuti zonse zithe a khonsolo asanabwere.

"Anthu abwino akadalipo, akazi anga," ankatero kalipentala akaweruka. "Tikalandira kiyi, mlendo woyamba adzakhala mayi amenewa."

Mkulu wa ku khonsolo anafika katungweyo akadanunkha penti. Anasuzumira m'galaja, anakankha katungwe ndi chala, kenako anatulutsa tepi yoyezera.

"Bambo, tawathandizani," anatero mayiwo mokoma. "Gwirani apa, pamzati wa geti."

Kalipentala anagwada n'kukanikiza nsonga ya tepi ndi chala chachikulu. Mkuluyo anayamba kuyenda chobwerera, kuwoloka msewu, tepi ikutambasuka. Apa kalipentala anamvetsa kuti akuyeza poika mizere yowolokera ana, ndipo anasangalala kuti nayenso ali m'gulu la okonza zinthu. Mkazi wake anaima pakhomo la chinyumba chija atafunda bulangeti. Kalipentala anamubayibitsa ndi dzanja linalo kuti aone mmene mwamuna wake akudaliridwa.

Mkuluyo anaima pamapazi a mkaziyo, nawerama n'kuyang'ana tepi.

"Mumanena zoona, mayi, pafupikitsa," anakuwa ali tsidya lomwelo. "Lamulo silola malo ogona osowa pokhala kuyandikana chonchi ndi sukulu ya ana. Sabata ino titseka, onse atuluke."

"Zikomo, bwana," anatero mayiwo, mtima utakhala pansi. Kenako anayang'ana pansi pomwe panagwada kalipentala. "Siyani tepiyo, bambo. Tamaliza nanu."