Zala Ziwiri Kumbali ya Dalaivala

"Yapendekeka," anatero mwana wachisamba, akuchotsa tepi yoyezera pa tayala lakutsogolo. "Mbali ya dalaivala yakwera ndi zala ziwiri."

Analowa kunsi kwa pikapu ya bambo ake ndi sipanala, n'kuyamba kumasula bawuti yokwezera mbaliyo. Pakhonde, bambowo anayamba kumenyetsa ndodo pansi. Chiwagwireni sitiroko, mawu anali atawathawa.

"Akufuna madzi?"

"Akufuna usiye," anayankha amayi ake. "Anaikweza dala. Ndi chithupi chawo chija, akangokhala pachiwongolero galimoto inkalingana yokha."

Iye anabwezera bawutiyo mmene inalili, koma ndodo sinaleke. Tsopano inkaloza chitseko cha dalaivala.

"Akuti uwakwezemo," anatero amayiwo.

Anafuna kuitana mlamu wake kuti adzagwire miyendo, koma atawanyamula anaona kuti panalibe chifukwa: anali atapepuka. Anawakhazika pampando, n'kuika pachiwongolero dzanja lawo lomwe linkagwirabe ntchito. Maso a bambowo anali pa tepi.

Anayeza mbali iyi, anayeza inayo, anabwerezanso. Zala ziwiri zija zinali pomwepo.

"Yalingana?" anafunsa amayi ake chapansipansi.

"Ndendende!" anayankha mokweza, akulowetsa tepi m'thumba. "Mukadali olemera, bambo."

Bambowo, omwe anayendetsa pikapuyo zaka makumi awiri, anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anachotsa dzanja pachiwongolero, n'kuloza sipanala yomwe inali pansi.