Kaseti ya m'bokosi lachitsulo

Panali munthu wina, dalaivala wa basi wopuma pantchito, amene mtaunimo onse ankangomuti a Dalaivala. Mkazi wawo anali atamwalira, koma anawasiyira chuma chimodzi: kaseti.

Kalelo mafoni kulibe, a Dalaivala ankatha sabata yathunthu ali pamsewu. Ndiye mayiwo anatenga wailesi ya kaseti, n'kukhala kukhitchini, n'kujambula mawu awo kuti mwamuna wawo asamasungulumwe paulendo. Munalibe zanzeru zilizonse m'menemo. Ankawakalipira za masokosi osiyidwa pampando, ankaimba kanyimbo n'kuiwala mawu pakati, kenako n'kuphulika kuseka. Chapatali kunkamveka khanda likulira. "Musagone pa chiwongolero, bambo a mwana, kuno tikukudikirani." Kaseti ija inayenda nawo zaka makumi awiri.

Tsiku lina pa nkhani anamva kuti mayiko akuopsezana ndi mabomba a nyukiliya. Mantha anawagwira. Anayamba kusonkhanitsa zigubu za madzi, zakudya zam'zitini, tochi, machesi, mankhwala ndi mabulangete, n'kuziunjika m'chipinda chapakati chopanda zenera. Anzawo akamawaseka, iwo ankangoti, "Chakudza sichiimba ng'oma." Apatu sanalakwe.

Vuto linabwera ndi mnyamata wina wa suti yothina amene ankagulitsa mabokosi achitsulo kumsika.

"Bokosi ili, mdala, mukatseka mumate ndi phula," anatero. "Osatsegulanso mpaka tsikulo. Mukangotsegula, mphepo yalowa, basi zaonongeka."

A Dalaivala anagula. Anaikamo mankhwala, tochi, ndi wailesi ija, kaseti ili m'kati, mabatire atsopano ali momwemo.

Mwana wawo wamkazi, namwino, yemwe anali khanda lolira mu kasetimo, anawapeza akutenthetsa phula.

"Ababa, mabatire sasungidwa m'kati mwa wailesi, amadontha. Ndipo zinthu zokonzekera ngozi timazitsegula miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, kuona zimene zatha ntchito."

"Amene anandigulitsayo ndi katswiri."

"Katswiri wakuti? Chabwino, ndibwerekeni kasetiyo masiku awiri okha, ndikaisamutsire mufoni."

"Ayi. Mawu a amayi ako sangakhale mufoni pamodzi ndi zopusa za dziko lonse. Tsikulo likadzafika, tili mumdima, kunja kuli poizoni, ndidzafuna kumva akuseka. Chakudya changa ndi chimenecho."

Anamata bokosi lija, n'kusanjika zigubu za madzi pamwamba pake.

Zaka zisanu ndi zinayi zinadutsa. Bomba silinagwe. Nthawi zambiri a Dalaivala ankaima pakhomo la chipinda chija, mtima ukuwawa ndi kulakalaka, koma ankadziletsa. Liuma anali nalo kuyambira kale, la munthu amene sankaimitsa basi pamalo opanda siteji ngakhale wokwera alire bwanji.

Lamlungu lina masana mwana uja anabwera kudzawachapira makatani. Ali pakati potsuka anangosiya, manja ali thovu lokhalokha.

"Ababa, ndayamba kuiwala mawu a amayi. Nkhope ndikuiona, koma ndikafuna kuwamva akundiitana, palibe chikubwera."

A Dalaivala nawonso zinali zitayamba kuwachitikira, kungoti ankachita manyazi kunena. Anadzuka, natenga sikuludilaiva.

Atatsitsa zigubu anapeza chimodzi chinang'ambika pansi kalekale. Madzi anadya chivundikiro ndi dzimbiri n'kulowa m'kati. Potsegula munatuluka fungo la chuku. Mankhwala anali phala. Mabatire anali atatupa, atasanza zoyera zimene zinayenderera wailesi yonse. Kachitseko ka kaseti anachita kukatsegula ndi mpeni.

Tepi inali itamatirirana. A Dalaivala analowetsa cholembera pabowo kuti aipukuse monga ankachitira pamsewu, ndipo inangoduka zidutswazidutswa m'manja mwawo. Anapita nayo kwa wokonza mawailesi, amene ataiona anangopukusa mutu. "Mukanabwera nayo zaka zitatu zapitazo, mwina."

Pobwerera, mwana uja sanawanene. Anangowagwira dzanja.

"Inu munaimvera kambirimbiri, ababa. Tandiuzeni zimene ankanena."

A Dalaivala anayamba, kuchokera pa masokosi mpaka pa nyimbo, osaphonya liwu ngakhale limodzi. Atafika poti mayiwo aseke, anaima. Misozi inatsika.

"Zonse ndikuzidziwa, mwanawe. Koma ndikuzimva m'mawu anga."

Phunziro: Kukonzekera ngozi n'kwabwino. Sungani madzi, chakudya, mankhwala ndi tochi, koma muzizitsegula, muzizisintha, ndipo mabatire muziwaika padera. Mverani amene amakukondani kuposa mlendo wofuna kukugulitsani katundu. Ndipo chimene mumachikonda musachitsekere kudikira tsiku loipa: chimvereni lero, ndipo ena akhale nacho chawo. Tumizirani abale anu uthengawu, makamaka amene akadali ndi mawu a makolo awo mu kabati.