Mano a Arkadi

"Mayi, musandipusitse, kabokosi aka n'kachinyengo!" anakalipa Arkadi atakagogoda pamano ake pamsika.

Zaka makumi atatu akusonkhanitsa timabokosi tamakedzana tonyezimira topangidwa m'tauni ya Palekh, ankadziwa kuti kabokosi kenikeni, koumbidwa ndi mapepala, kamalira mwabesi ukakagogoda padzino. Aka kanangoti khwe-khwe ngati pulasitiki.

"Anajambula ndi malemu bambo anga," anadandaula mayi wogulitsayo.

Gleb, mnzake wolimbirana naye timabokosi, anakagogoda pamano ake, namwetulira, nalipira osanenerera, ulendo!

"Chitsiru chagula pulasitiki," Arkadi anafa nacho chikhakhali.

Mkazi wake Zoya anamuyang'anitsitsa m'kamwa. "Bambo, kodi mano munaikitsa Lachiwiri aja anapangidwa ndi chiyani?"

Arkadi anatseka pakamwa msangamsanga. Kunamveka khwe-khwe.