Mipango ya Amayi

"Vulani mpangowo, amayi," anatero wojambula sikani.

Amayi anayang'ana ine kaye, kenako anamasula mfundo. Mpangowo ndinawatumizira ndine, monga ina yonse. Zaka zonse zomwe ndinali kunja, tikamalankhulana pavidiyo ndinkawaona atakulunga khosi, ndipo ndinkanyadira kwa anzanga kuti amayi anga amatchena.

Pansi pa mpangowo panali chotupa ngati dzira la bakha.

"Chithokomirochi chinayamba liti kutupa?" anafunsa wojambulayo.

"Chaka chomwe achemwaliwa anakwera ndege," anayankha mng'ono wanga, osandiyang'ana. "Amayi anati tisawasokoneze, ali pasukulu."

Wojambulayo anawagoneka amayi chagada, pilo pansi pa mapewa, n'kuwapaka mafuta pakhosi.

"Mafuta anuwa akuzizira ngati moni wa apongozi," anatero amayi.

Wojambulayo anaseka uku akuyendetsa kachipangizo pachotupacho. Pasikirini ndinkangoona mitambo yotuwa. Mabuku onse ndinabwera nawo m'sutikesi aja sanandithandize kanthu.

Kenako kachipangizo kanachoka pachotupa n'kukwera m'mbali mwa khosi, pansi pa khutu. Apo kanaima. Anayeza kanthu kakuda kozungulira, n'kukayezanso. Kuseka kunatha.

"Ameneyo ndi mwanabele chabe, eti?" ndinafunsa.

"Adokotala akufotokozerani, mayi. Afuna kutengako pang'ono ndi singano kuti akapime."

Amayi anadzipukuta okha, anatenga mpango wawo, n'kumanga mfundo bwinobwino.

"Mpango wobiriwira uja ukadali m'pepala lake," anandiuza. "Usagulenso wina."