Birimankhwe ndi Chipatala cha Chiswe

Padangokhala, kale ife tisanathe mano, mudzi wa tinyama unalibe chipatala. Akazi ankachirira pamtetete, ndipo dzinja lililonse mvula inkapha makanda.

Chiswe anati, "Aliyense abwere ndi dothi lodzaza m'kamwa, timange tokha."

Birimankhwe anaseka. "Achimwene, umphawi wakuzunguzani mutu. Ine ndipita kwa olemera kutsidya. Ndimadziwa kuvala mtundu wa aliyense wopatsa."

Anapitadi, mwendo umodzi lero, wina mawa. Kwa Njovu anatuwa, kwa Nyalugwe anachita mawanga, kulikonse akuwomba m'manja. Onse ankangomuuza kuti, "Tidzaona chaka chamawa."

Kumudzi Chiswe ndi anzake sanadikire. Ngakhale nkhalamba zinasenza dothi mpaka makosi kuwawa, popanda wozithokoza. Mvula isanagwe khoma linaima, ndipo mkazi wa Mbewa anachirira m'kati, ana onse amoyo.

Kenako Birimankhwe anatulukira atanyamula kachitini ka penti. "Abwana a kutsidya akuti tipake mtundu wawo, onse adziwe amene anathandiza."

Chiswe anaima pakhomo. "Dzipakeni nokha, achimwene, munazolowera. Khoma ili tinamata ndi malovu athu, ndipo likhala lofiira choncho."

Chipatala chija ndiye chulu, ndipo mpaka lero palibe amene anapakapo chulu penti. Yanga yathera pamenepa.