Kachipangizo ka pa Nkhokwe

Lamulo la kafukufuku wa chimanga m'mudzimo linali lakuti nkhokwe zizitsegulidwa Loweruka lokha. Pachitseko cha nkhokwe iliyonse panamatidwa kachipangizo kochepa ngati njere ya mawere, ndipo ndi komwe kankatseka ndi kuwerenga chimanga chotuluka. Anatipanga tizipangizoti ndi Mwandida, mwana wa mayi Nangondo, pa makina a ku yunivesite kumene ankaphunzitsa. Ntchito yake inkadalira kuti tisaphonye kuwerenga ngakhale tsiku limodzi.

Lachiwiri, Mwandida ali kumudzi, anamwalira a Nasibeko oyandikana nawo nyumba.

"Tsegula," anatero mayi Nangondo, dengu lili m'manja.

"Amayi, ndikakachotsa ndiye kuti kafukufuku wa zaka zitatu wawonongeka. Andichotsa ntchito. Dikirani Loweruka."

"Maliro adikire Loweruka? Iwe, bambo ako atamwalira, Nasibeko anafika pano ndi ufa tisanamuuze n'komwe. Lero ine ndikalowe pasiwa chimanjamanja, n'kumati mwana wanga ndi dokotala? Olira adye udokotala wakowo?"

"Ndiye mukufuna ndibwerere kudzakhala pakhomo pano?"

"Ndikufuna chimanga changa. Ndinalima ndekha!"

Mwandida anayandikira chitseko cha nkhokwe. Kenako anazula phini kutsitsi n'kutokosa kachipangizoko mpaka kanagwa. Foni yake inayamba kulira m'thumba, koma sanaiyankhe.

Mayi Nangondo anadzaza dengu osathokoza. Atafika pampanda anatembenuka, namasula chitenje chawo chapamwamba, n'kumumanga mwanayo m'chiuno.

"Kumaliro sapita ndi buluku," anatero. "Senza, tidzere kuchigayo."